Dzina la pa Bulangete

Mimba yanga itafika miyezi isanu ndi iwiri, amuna anga, a Lawrence, anali atasankha kale dzina la mwana. Fergus. Ine sanandifunse. Anaitanitsa ngakhale bulangete loyera lopetedwa dzinalo ndi ulusi wobiriwira.

Fergus ameneyu anali mzungu wa ku Scotland, mwini esiteti ya tiyi kufupi ndi Mulanje kalekale, ndipo ndiye anabereka bambo awo a Lawrence mwa agogo Agness. Kubanja kwawo nkhaniyi amaikamba ngati ya chikondi. Akuti mzunguyo anawakonda agogo, pobwerera kwawo analira, anawasiyira makina osokera. Makinawo ndinawaonadi.

Chaka chonse cha 2006 a Lawrence ankati akaweruka ku ofesi, kwawo kunali pa kompyuta, kusakasaka mayina a anthu akufa a ku Scotland. Ine ndikuchokera ku ntchito ku wodi ya chipatala miyendo itatupa, ndikupeza mbale zili mu sinki, Daphne, mwana wathu woyamba, sanasambe, eniake akundiitana ndidzaone tchalitchi chomwe Fergus anabatizidwira. Ndinkayang'ana, ndikuti chabwino, ndikupita kukatsuka mbale.

Kenako anapeza munthu wamoyo. Mayi wina wokalamba, a Joan, mdzukulu wa Fergus kudzera mwa mkazi wake wa kwawo. Anatiitana kunyumba kwawo, m'katauni kena kungodutsa malire kulowa ku Scotland. Tinanyamuka ku Newcastle, mzinda wakunja komwe timakhala, Loweruka m'mawa, Daphne akudandaula m'Chingerezi njira yonse kuti akuphonya phwando la mnzake.

A Joan anatilandira bwino, zimenezo sindingawanamizire. Anawagwira nkhope a Lawrence ndi manja onse awiri nkunena kuti chibwano ndi cha agogo awo chenicheni. A Lawrence anasekerera ngati mwana wapambana mayeso. Panali tiyi, mabisiketi ambiri, ndi moto wa gasi womwe unanditenthetsa mbali imodzi yokha.

Daphne ndiye analoza kukhoma. Pamwamba pa piyano panapachikidwa chikoti, chakuda, chouma, chogwirira chake chitasalala.

A Joan anati ndi cha chikopa cha mvuu, chochokera kwathu. Anayamba kukamba zomwe agogo awo ankakamba pa Khirisimasi akamwa pang'ono. Kuti pa esiteti panali bambo wina wolephera ntchito ya thangata, ndiye m'malo mogumula nyumba yake, Fergus anatenga mwana wake wamkazi kuti azikagwira ntchito m'nyumba. Kamtsikana ka zaka khumi ndi zitatu, kaliuma. Kankathawa, akapitawo nkukakagwira, Fergus nkukaphunzitsa ndi chikoti chimenecho. Pomaliza kanaleka kuthawa. Iwo ali ana ankaseka, akutero, chifukwa agogo ankayerekeza mmene kankathamangira.

Anafika pamenepo nkuima. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Ankawerengera zaka.

Anafunsa dzina la agogo awo a Lawrence, mawu atatsika.

A Lawrence anali ndi bisiketi m'manja. Analimaliza kudya, kutafuna bwinobwino, kenako anayankha kuti Agness. A Joan anati kamtsikana kaja dzina lake linali lomwelo.

Palibe analira. A Joan anapita kukawiritsa madzi ena ngakhale tiyi anali wodzaza m'thipoti. Ine ndinapempha kupita kuchimbudzi, chifukwa mwana ankandikhala pachikhodzodzo.

Msana wa agogo Agness ndinkaudziwa. Nditangokwatiwa, iwo atafooka, ndine ndinkawasambitsa kubafa kwa apongozi ku Chilomoni. Mizere yaitali, yotuwa, yopingasana kuyambira m'mapewa kufika m'chiuno. Apongozi anati agogo anagwera pamoto ali mwana. Moto sulemba mizere. Koma mkazi wobwera dzulo sayamba kufunsa za msana wa eni mudzi. Ndinkawapaka mafuta, iwo nkumati manja anga ndi ozizira.

Pobwerera mvula inkagwa. Daphne anagona. Titadutsa malire, a Lawrence anayankhula maso ali pamsewu.

"Mwina anali Agness wina."

"Mwina."

"Nthawi imeneyo ma Agness anali ambiri."

"Bambo a Daphne, ine ndinawasambitsa agogo anu."

Sanafunse zomwe ndinaona. Anayatsa wayilesi, kunali mpira.

Kuyambira tsiku limenelo kompyuta sanaiyatsenso. Sanayimbenso foni kwa amayi awo, ine ndinkagula makhadi oyimbira, iwo nkumangowasiya pa firiji. Ankadya, ankapita ku ntchito, anayamba kutsuka mbale, zomwe zinandiopsa kuposa zina zonse. Za dzina sitinakambe. Bulangete linali m'kabati, mupepala lake.

Mwana anabadwa wamwamuna, m'chipatala chomwe ndimagwira ntchito. Chibwano chomwecho. Anzanga a ku wodi akafunsa dzina ndinkati tikuganiza. Apongozi anayimba okha kufunsa za Fergus wawo wamng'ono, ndinawauza kuti akuyamwa bwino.

Kuno mwana sakhala wopanda dzina mpaka kalekale, boma limafuna alembedwe. Tinapita tonse, ine chilonda cha opareshoni chikukoka. Mayi wolemba anafunsa dzina la mwana, nkuyang'ana bambo. A Lawrence anatsegula pakamwa. Ndinadikira. Mwana anayamba kufunafuna bere, mkaka unayamba kutuluka, iwo akuyang'ana chala chawo patebulo.

"Akuzike," ndinatero ine. Ndinatchula zilembo chimodzichimodzi.

Mayiyo anafunsa ngati pali dzina lapakati.

"Palibe," anatero a Lawrence.

Bulangete sindinataye, linali la ubweya weniweni ndipo Newcastle ndi wozizira. Masana ena mwana atagona ndinatenga kalumo kosokera nkumasula ulusi wobiriwira uja, chilembo ndi chilembo. Timabowo ta singano tinatsala. Ukaliyang'anitsitsa pa windo dzinalo limawerengeka ndithu. Ndimamufunditsa mbali imeneyo ili kumiyendo.