Mafuta Achikasu

Wabutchala ankaidziwa ng'ombe pongoyang'ana mafuta ake. Akakhala oyera ndi okhuthala, ndiye kuti inali ya m'khola, yodya madeya ndi chimanga, yongoima n'kumanona. Akakhala achikasu, opyapyala, inali yoyenda ndi miyendo yake kukasaka msipu. Makasitomala ankalimbirana yoyerayo. Yachikasu ankaikwinyira nkhope, ati ndi nkhalamba ya ng'ombe.

Chitsegulireni butchala, nthuli yonona kuposa zonse inkapita kwa bambo ake. Awiriwa sanali anthu a mawu ambiri. Mkuluyo ankamasula pepala, kudina mafuta ndi chala, n'kugwedeza mutu, macheza n'kuthera pomwepo. Koma wabutchalayo kugwedeza mutu kumeneko ankakufuna kuposa phindu lonse la pa kauntala.

Kenako bambowo anagwa kubafa, dzanja lamanzere n'kufooka. Dokotala sanapite m'mbali. Anati mitsempha yayamba kutsekeka, mafuta achepe m'mbale. Nyama ikhale yochepa, yosanona, makamaka ya ng'ombe yodya msipu.

Mwana wawoyo anamva. Anasankha yachikasu yabwino, naikulunga bwinobwino.

Mkuluyo anamasula pepala ndi dzanja limodzi. Sanadine.

"Bizinesi yagwa kodi?"

"Ayi, bambo. Ndi imene ananena adokotala. Paja zimene inadya ng'ombe n'zimene zimalowa m'thupi mwanu."

"Ndiye ungondimangirira padambo ndizidya ndekha udzuwo." Anakankha phukusilo. "Kulera mwana, lero azindipatsa zokana makasitomala."

Kuyambira pamenepo nyama sankaikhudza. Wabutchala akafika, ankapeza bambo ake atatembenuzira mpando kuzenera. Moni ankayankha, koma ngati akuyankha wodzawerenga mita ya madzi. Zinkamupweteka, ngakhale sanauze munthu. Kuntchito mpeni wake unayamba kuphonya.

Tsiku lina kunabwera ng'ombe ya m'khola, yonona mochititsa manyazi. Anaima nayo nthawi yaitali. Kenako anadula pamene ankadula kale.

Mkazi wake anaona pepala litanyowa mafuta asanalowe n'komwe m'nyumba.

"Bambo a mwana, mukufuna kuwapha apongozi?"

"Nanga akudya?"



Pabalaza, mkuluyo anamasula pepala pang'onopang'ono, akulipanikiza ndi chigongono. Anadina mafuta oyerawo, chala n'kulowa. Anagwedeza mutu.

"Uyu ndiye mwana wanga."

Wabutchala ananyamula nyamayo kupita nayo kukhitchini. Anaiika pathabwa, natenga mpeni. Kusenga mafuta inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, akanatha kuichita atatsinzina. Mkazi wake anaima pakhomo, akuyang'ana dzanja lakelo.

"Musachotse kanthu pamenepo," anatero mawu kuchokera pabalaza, ansangala, oyamba kumveka choncho chigwereni chija.

Wabutchala anauyang'ana mpeniwo, naubwezera m'dilowa. Kenako anayatsa moto.