Utsi wa Kutsidya

Gaspard anali atakhomerera kale mabokosi ambiri pamene mlongo wake Odile anaima kutsogolo kwa chithunzi chotsiriza chimene bambo awo anajambula.

"Ichi chokha sichipita ku Paris," anatero Odile.

"Wogula uja anati zonse, achemwali. Tandipatukirani."

"Penti wake sanaume n'komwe. Bambo tawaika dzana, iwe wayamba kale kusesa m'nyumba?"

Bambo awowo, malemu a Firmin, anatha moyo wawo wonse m'mbali mwa mtsinje wa Oise, akujambula madzi, mitengo ndi mitambo. Ali mnyamata, akuluakulu a zionetsero ku Paris ankawabweza ndi zithunzi zawo, amvekere ndi matope okhaokha. Dzina linadzamveka imvi zili mbuu, mano oti n'kudyera ulemuwo atatha.

Mayi awo, a Léonie, anali pakhomo atavala zakuda, manja ali pamiyendo. Mtima unkawawawa, ndipo sinali imfa yokha.

"Msiye atenge," anatero. "Zaka zonsezi bambo ako anajambula mitengo, ng'ombe, ngakhale bwato lowola la aneba. Ine ayi, ngakhale chala changa. Ndinali wophika msuzi basi. Zipite, ndisazionenso."

Odile ndiye ankawanyamulira bambo ake zojambulira chiyambire kuvutika miyendo. Anawagwira dzanja mayi ake n'kuwabweretsa pafupi.

"Amayi, taonani apa. Ichi n'chiyani?"

"Denga lathu. Ukuyesa ndachita khungu?"

"Nanga chikusowa n'chiyani?"

A Léonie anayang'anitsitsa. Kutsidya kwa mtsinje kunali kadenga kakang'ono kofiirira, pamwamba pake mbee.

"Utsi," anatero Odile. "Ankaujambula pomalizira. Ankatha kumaliza zonse n'kungokhala, burashi ili m'manja, mphepo ikuwomba. Ndikati tiyeni, amvekere, 'Dikira, amayi ako sanakoleze moto.' Ukangotuluka utsi, nawonso amaulemba, kenako n'kutsuka burashi. Tsiku lija anagwa nthawi isanakwane."

Gaspard anatembenuza nyundo yake n'kuyamba kuzula misomali yomwe anakhoma yekha. Anatulutsa chithunzi china, chinanso, mpaka cha kale chija anachikana ku Paris. Pena denga linkabisika m'mitengo, pena silinkaoneka n'komwe, koma kautsi kanalipo pa chilichonse, kopyapyala ngati ulusi.

"Nkhalamba yopusa," anatero a Léonie. "Osangonena bwanji pakamwa?"

Gaspard anaika nyundo pansi. "Ichi chitsale. Wogulayo ndilankhula naye."

"Mwina ndingaonjezerepo utsiwo," anatero Odile. "Ndikudziwa mmene ankasakanizira."

"Usachikhudze," anatero mayi ake.

A Léonie anapukuta m'maso n'kulowa kukhitchini. Panalibe amene anali ndi njala, ndipo buledi wa pamaliro anali akadali patebulo. Komabe anagwada, n'kukoleza moto. Utayaka, anaponyapo masamba aawisi monga ankachitira masana alionse, kuti utsi uonekere kumtsinje.