Kabokosi Kam'munsi

Chala chimene chinaloza kabokosi kolakwika pa fomu ya ku banki chinali changa, ndipo sichinaphonye ayi. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Kwa miyezi itatu sindinauze munthu, ngakhale mnzanga amene ndinkamuuza zonse.

Ndinali nditangolemba mayeso omaliza a sekondale. Hotela imene amayi anachapako ndi kusita nsalu kwa zaka khumi ndi zinayi inali itatsekedwa, ndipo anawapatsa ndalama zotsanzikira. Bambo sanadziwe kuti ndalamazo zatuluka. M'mawa wina, bambo atapita kuntchito, amayi anandiuza kuti ndivale nsapato ndiwaperekeze.

Mlembi wa ku banki anali mtsikana wa zikhadabo zazitali zopenta, ndipo ankayankhula ngati basi ikumusiya.

"Pali mitundu iwiri, mayi. Iyi ndi ya notisi. Mukafuna ndalama zanu mumatidziwitsa, pakatha masiku makumi atatu n'kudzatenga. Inayi ndi fikisidi. Timazitsekera chaka chathunthu, simungazikhudze, koma chiwongoladzanja chake n'chonona."

Amayi ankangogwedeza mutu, chikwama atachikumbatira pamimba. Ndimawadziwa amayi anga. Akamagwedeza mutu mofulumira choncho ndiye kuti mawu akungowadutsa. Kenaka wina anamuitana mlembi uja, ndipo anatisiyira fomu ndi cholembera chomangidwa ndi kaunyolo.

Amayi anandinong'oneza. "Iwe, Chingerezichi chandikulira. Ya mwezi umodzi ija ndi iti?"

Chifukwa chimene ankafunira ya mwezi umodzi ndinkachidziwa. Masiku anayi m'mbuyomo, ndikuchapa m'bafa, ndinawamva pa foni ndi amayi aang'ono amene amakhala kutali. "Ukangondipezera chipinda, ine ndanyamuka. Mwanayu ndidzamutenga pambuyo, zinthu zikakhazikika."

Pambuyo. Mawu amenewo sanandichoke m'mutu masiku onse anayi.

Bambo anga ndi makaniko. Kwa ine anali munthu wa nthabwala. Ankanditcha "a Loya" chifukwa ndinkawawerengera makalata, ndipo akalandira malipiro sankaiwala kundibweretsera kanthu m'thumba la ovololo. Zimene zinkachitika kuchipinda kwawo chitseko chikatsekedwa ndinkazimva, koma ndinkakweza wailesi. Ndili pampando wa ku banki uja ndinadziuza kuti chaka ndi chachitali, anthu amasintha. Ndinadziuzanso kuti chiwongoladzanja chochuluka ndi chabwino kwa amayi omwewo. Koma choona n'chakuti ndinkaopa kudzadzuka m'mawa wina amayi kulibe.

Ndinaloza kabokosi kam'munsi.

Amayi anachonga mosamala, lilime lili pakati pa mano, n'kusaina. Mlembi uja atabwerera anayang'ana fomuyo.

"Mwasankha imeneyi? Mwamvetsa bwinobwino?"

"Mwana wanga wawerenga," amayi anatero monyadira. "Uyu ngwa sukulu, si ngati ine."

Pobwerera anandigulira ayisikilimu. Yambiri inasungunukira m'manja.

Patapita milungu isanu ndi umodzi, ndinabwera kuchokera kumsika n'kupeza zidutswa za mbale zitasesedwera kukona, mkono wamanja wa amayi utakulungidwa ndi mpango.

"Ndaterereka m'bafa," anatero ndisanafunse.

Ndinakasuzumira. Pansi panali pouma gwa.

Sabata yomweyo amayi aang'ono anaimba kuti chipinda chapezeka, koma mwini wake akufuna ndalama za miyezi itatu nthawi imodzi, ndipo wavomera kudikira mwezi umodzi wokha. Amayi anapita okha kubanki kukapereka notisi. Ine ndinanama kuti mutu ukundiwawa.

Anabwerera dzuwa lili pamutu. Sanalowe m'nyumba. Anakhala pakhonde, nsapato zili kuphazi, chikwama chili pamwendo.

"Akuti mpaka chaka chamawa."

Ndinakhala pansi pambali pawo.

"Ndawachonderera mpaka andiitanira bwana wawo. Akuti amatsegula pokhapokha mwini wake atamwalira, kapena pakhale kalata ya adokotala ya matenda aakulu." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Ndiye ndawauza kuti chabwino, bwana, musapite patali. Chimodzi mwa ziwirizo chibwera."

"Amayi, musamatero."

"Usade nkhawa iwe, si mlandu wako. Iwe unaloza bwino. Ndine ndinachonga pena. Timabokosi timene tija timafanana." Anadzimenya pamphumi ndi dzanja lamanzere. "Umbuli, mwana wanga. Zaka zonse zija ndaweramira simbi, ndalama zanga zomwe n'kuzitsekera ndekha ngati chitsiru."



Madzulo ake bambo analowa akununkha mafuta a galimoto, natiyang'ana tonse awiri.

"A Loya, kwagwa mlandu wanji lero nkhope zili ngati za pamaliro? Woweruza wakana chiphuphu?"

Ndinaseka. Ndinkaseka nthawi zonse.

Chipinda chija anatenga munthu wina. Amayi sanachitchulenso. Anayamba kuchapira anthu a mumsewu wathu ndi dzanja limodzi ndi theka, ndipo akamva mapazi a bambo pageti ankasiya nkhani pakati. Ine ndinasiya kukweza wailesi. Ndinaganiza kuti popeza ndine ndinawatsekera m'nyumba muja, ndiyenera kumva chilichonse. Ndinaonda mpaka siketi inayamba kundizungulira m'chiuno. Bambo ankati a Loya akudwala nkhawa ya zotsatira za mayeso.

Loweruka lina masana, bambo ali kugalaja, amayi anaika kope latsopano ndi pensulo patebulo.

"Khala apa. Undiphunzitse."

"Chiyani, amayi?"

"Chingerezi cha m'mafomu. Zina zonsezo sindikuzifuna. Tiyambe ndi mawu oti mwezi ndi mawu oti chaka. Sindifuna kudzachitanso manyazi ngati aja."

Ndinawalembera mawu awiriwo pamwamba pa tsamba. Anagwira pensulo ndi dzanja lamanzere, pakuti lamanja linali lisanapole, n'kuyamba kukopera. Zilembo zinkatuluka zopendekeka, zazikulu ngati za mwana woyamba sukulu. Analemba mzere umodzi, nafufuta, nayambanso.

"Usandiseke, aphunzitsi," anatero. "Taona nanga. Mawu awiri okha. Ndikanawadziwa awiriwa, bwenzi pano ndili kutali, ndikukukonzera pogona."

"Amayi."

"Dikira ndimalize, ukundisokoneza."

"Amayi, simunachonge pena." Mawu anga anatuluka aang'ono, ngati a munthu wina. "Munachonga pomwe ndinaloza. Ndinaloza kam'munsi dala. Ndinakumvani pa foni tsiku lija. Sindinkafuna kuti mupite."

Pensulo inaima pakati pa chilembo. Sanandiyang'ane. Anangoti maso patsamba, chifuwa chikukwera ndi kutsika, ndipo ine ndinkadikira kuti andimenye, ndinkafuna kuti andimenye.

Panja geti linalira. Bambo anali atawerukiratu, akubwera akuimba mluzu.

Amayi anatseka kope lija mwamsanga n'kulikhalira. Kenaka anatambasula dzanja lopweteka lija, nandipukuta misozi tsaya ili ndi ili, nkhope itakwinyika ndi ululu.

"Kawatsegulire," ananong'ona. "Akakuseketsa, useke."