Masiwiti a M'thalauza ya Kumunda

Thomson ndi mng'ono wake Lameki anabadwa mimba imodzi, anakulira pambale imodzi, ndipo ndime zawo za mpunga ku sikimu ya Likangala zinagundana malire. Koma matupi awo ankayendera malamulo osiyana. Lameki ankamwa tiyi wa shuga wochita kumata milomo, tsiku lina n'kugwira khasu mpaka dzuwa paliwombo osalawa kanthu, thupi n'kumadzikonzera lokha zam'katimo. Thomson anamupeza ndi matenda a shuga chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, ndipo kuyambira pamenepo ankadzibaya jakisoni m'mawa uliwonse.

Mkazi wake, Esinati, anatolako liwu limodzi lokha kuchipatala: shuga. Analigwira ngati lamulo la Mose. Thobwa analetsa, nzimbe analetsa, ndipo mwini golosale wa pa Kachulu anamuuza pamaso pa anthu kuti akadzangogulitsa fanta kwa mwamuna wake, bambo a Memory, adzaona polekera. Tisamunamizire mayiyu, mwamuna wake ankamukonda. Kungoti chikondi chakecho chinali cha pakamwa pakuthwa.

Panali china chimene Esinati sanamve, poti tsiku limene chinanenedwa kuchipatalako iye anatsalira kudooko kuyanika matemba. Namwino anauza Thomson kuti shuga amatsikanso, makamaka munthu akabaya jakisoni n'kukalima osadya, ndiye asamasowe masiwiti m'thumba. Thomson anafuna kukafotokoza kunyumba, koma atakumbukira pakamwa paja anasankha kungobisa.

Tsiku lina pochapa, Esinati anapisa m'thumba la thalauza ya kumunda n'kuwapeza masiwitiwo. Sanakalipe, zomwe zinali zachilendo. Anangoti, "Munthu wa imvi kumaba ngati mwana," n'kukawaponya m'chimbudzi.

Mawa lake kunali kuwokera mpunga. Lameki anafika phala lisanapse.

"Achimwene, tiyeni, madzi atsegula kale. Phalalo tilipeza pobwera."

"Ndabaya kale, Lameki. Ndiyambe ndadya."

"Aaa, inunso! Ine ndadya ngati? Si magazi amodzi ife?"

Thomson ananyamuka. Dzuwa litakwerako, mbande zinayamba kumupulumuka m'manja. Thukuta linatuluka lozizira. Anapisa thumba lamanja, anapisa lamanzere, anabwereranso lamanja. Lameki atamufunsa, anayankha zosamveka ngati wakhuta kachasu, kenako anakhala pansi m'matopemo.

Anthu anamuitana Esinati, ndipo anafika ali wefuwefu. Anapeza Rabia, mayi wa ndime yoyandikana, atagwada ndi botolo lake la thobwa.

"Amweko ili, mwina ndi njala," anatero Rabia.

"Muli shuga umo?"

"Pang'ono pokha, amayi."

"Chotsani! Mukufuna mundiphere mwamuna? Shuga wakwera uyu, wakhala akudya masiwiti mobisa."

Thomson anatambasula dzanja kuloza botololo. Esinati analigwira dzanjalo n'kulisisita, misozi ili mbwee. Pomwe njinga yamoto inkapezeka, munthu anali atatseka maso.

Kuchipatala namwino anamubaya pachala, anayang'ana kamakina, n'kuthamangira diripi.

"Mankhwala anji amenewo, anesi?" anafunsa Esinati.

"Shuga, mayi. Anatsika kwambiri. Tinawauza kuti aziyenda ndi masiwiti. Analibe?"

Esinati anangoyang'ana madontho akutsika m'kapaipi kulowa mumtsempha wa mwamuna wake.

"Adzuka?"

"Mwachedwa nawo. Ubongo ukakhala nthawi yaitali wopanda shuga umavulala. Tidikire."

Panja Lameki ankazungulirazungulira pansi pa mtengo wa mango. Chiyambire m'mawa anali asanalawebe kanthu, koma anali gwa, ngakhale chizungulire analibe.

Esinati anamudutsa osamuyang'ana, mpaka pa kaokala ka kunja kwa mpanda.

"Ndipatseni masiwiti."

"Angati, amayi?" anafunsa wogulitsa.

"Odzaza thumba la thalauza."

Anabwerera kuwodi. Thalauza ya matope ija anali ataipachika kumiyendo kwa bedi. Anathira masiwitiwo m'thumba lamanja, limene bambo a Memory amayamba kupisa, n'kukhala pansi kudikira.