Ma GB Khumi ndi Asanu Amene Ndinanamizira Mpongozi Wanga

Pa katoni panalembedwa 64 GB, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale ine wa maso otopa ndi singano ndinaziwerenga popanda magalasi. Koma m'kati mwa foni munalembedwa kuti malo otsala ndi 49 GB. Foni yogulidwa dzulo lake, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi! Ndinayang'ana katoni, ndinayang'ana foni, ndinabwereranso pa katoni. Mutu wanga unaima.

Ine ndine telala. Ndasoka zaka makumi atatu m'kachipinda kakumaso kwa nyumba yanga, momwe muli makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu ndi benchi ya makasitomala. Chimene sindilola pa moyo wanga ndi kuberedwa pa muyeso. Munthu akandiuza kuti nsalu iyi ndi mamita asanu, ndimatulutsa tepi, kaya akhale abusa.

Foni yatsopano ndinkaifuna chifukwa cha ntchito yomweyi. Masiku ano kasitomala sabwera ndi pepala lojambulapo diresi, amangotumiza zithunzi ndi mavidiyo, ndipo kafoni kanga kakale kankangodandaula kuti kadzaza. Mwana wanga wamwamuna, amene amayendetsa thiraki maulendo ataliatali, anandiuza kuti ndigule ya malo ambiri. Popeza sindikanatha kusiya makina, ndinatuma mkazi wake. Mpongozi wangayu takhala naye pakhomo chaka chachiwiri tsopano. Ndi mwana wofatsa, wosadziwa kukweza mawu, ndipo ndiye amandisitira zovala ndi kusokerera mabatani. Anapita m'tauni, nabwera ndi foni, memore khadi ya 32 GB ndi risiti.

Manambala aja sindinawaone ndekha, ndisaname. M'mawa umenewo kunabwera amayi anayi a kwaya kudzayesa mayunifomu awo. Mtsogoleri wawo, amene tonse timangowatchula kuti a Kwaya, ndi munthu wodziwa chilichonse kuposa mwini wake. Anatenga foni yanga kuti anditumizire chithunzi cha kolala, koma chala chawo chinapitirira mpaka ku masetingi.

"Mwati foniyi ndi ya 64? Nanga apa akuti 49 bwanji? Memore yanunso si ya 32, onani, 29.7. Mayi, akuberani dzuwa likuswa mtengo."

Ndinati ndiye kuti a kusitolo andipusitsa, ndipita komweko. A Kwaya anatsitsa mawu n'kunena kuti kusitolo amagulitsa katoni yomata, ndiye funso n'lakuti anaimatula ndani. Ndinakumbukira kuti katoni inafika pakhomo yotsegula kale, mpongozi akuti anaitsegula kuti aikemo simu khadi. Ndinakumbukiranso kuti anachedwa kubwera, akuti anadzera kwa mng'ono wake. A Kwaya anagwedeza mutu, nati ana a masiku ano amagula foni yabwino, n'kuisinthanitsa ndi yotchipa yofanana nayo chikuto. Anzawo atatu aja anavomereza ngati akuimba kolasi. Moto unali utayaka kale mumtima mwanga, iwo anangoukolezera.

Mpongozi anali pakona akusita siketi. Ndinamuitana ndi mawu amene sindinamuitanepo nawo, ndipo ndinamufunsa pamaso pa alendo kuti ma GB anga khumi ndi asanu ali kuti. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Anati sakudziwa chimene ndikunena, kuti foni ndi yomweyo imene anamupatsa kusitolo, ndipo anathamanga kukatenga risiti.

"Risiti ndi pepala chabe," ndinatero ine. "M'nyumba mwanga sindisunga wakuba."

Ngakhale a Kwaya anayang'ana pansi. Mpongozi sanalire. Anazimitsa simbi, anapinda bwinobwino siketi imene ankasita, anaiika pa tebulo, n'kulowa kuchipinda kwake. Alendo atachoka, mpongozi anatuluka ndi chikwama. Anagwada pakhomo la shopu n'kundiuza mwaulemu kuti akupita kwa makolo ake kufikira mwamuna wake atabwera ku ulendo. Ine ndi mtima wanga wouma ndinangoti ayende bwino.

Koma ndinadziwa kuti mwana wanga akaimba foni adzafuna umboni. Choncho ndinanyamula foni, katoni, memore ndi risiti ija, ndinaoloka msewu kupita kwa amake mapasa. Amenewa ndi neba wathu, amakonza mafoni m'kakontena koyandikana ndi pometera tsitsi. Ndinawapeza atawerama pa tebulo lodzaza timasikuludiraiva ndi mafoni otsegula pamimba, nyale yaing'ono ikuwaunikira ngakhale kunali masana. Ndinawafotokozera zonse mopupuluma, ndipo ndinawapempha kuti andilembere pa pepala kuti foniyi ndi yosinthidwa.

Amake mapasa sanaseke, sanandidzudzulenso. Anatambasula dzanja n'kuchotsa pakhoma memore khadi yatsopano ya 32 GB, yomata m'pulasitiki mwake. Anandipatsa sizasi kuti ndidule ndekha, ndiike ndekha m'kompyuta yawo. Ndinatero. Pa sikirini panatuluka 29.7.

Ndinagwira pakamwa. Ndinati mwina iyinso ndi yabodza. Iwo anati ndikhoza kumatula onse amene ali pakhomapo, bola madzulo ndikawafotokozere ndekha abambo a mapasa. Kenako anandifunsa funso la ku ntchito yanga.

"Mayi, nsalu ya mayadi sikisi mukaiyeza ndi tepi ya mamita, imatuluka mamita angati?"

Ndinayankha kuti asanu ndi theka, mwana aliyense wophunzira kusoka amadziwa zimenezo.

"Ndiye theka linalo waba ndani?"

Ndinati palibe waba, nsalu ndi yomweyo, miyeso ndiyo yasiyana. Iwo anati ndi momwemonso pa memore. Anandifotokozera kuti opanga zinthuzi akamalemba pa katoni amawerenga m'magulu a 1,000, koma makompyuta ndi mafoni ena amawerenga m'magulu a 1,024. Gulu likakula, nambala ya magulu imachepa, ngakhale malo ali omwewo. N'chifukwa chake memore ya 32 imaoneka ngati 29 ndi kadontho, ndipo ya 64 imaoneka ngati 59 ndi kadontho. Anati kagawo kena kakang'ono kamapita ku dongosolo limene memoreyo imasungira zinthu kuti izizipeza msanga.

Komabe ndinaumirira kuti za memore ndamva, nanga foni? Khumi ndi asanu si kagawo kakang'ono.

Anatenga foni yanga, anatsegula pamene pamaonetsa malo osungira zinthu, n'kundiuza kuti ndivale magalasi. Pamwamba panalembedwa 64. Pansi pake panali mndandanda umene a Kwaya sanauwerenge: pulogalamu yoyendetsa foni yatenga 13, mapulogalamu obwera nayo atenga 2. Amake mapasa anati foni si katoni yopanda kanthu. Kuti iyake, iimbe, ijambule, ionetse nthawi, pamafunika mapulogalamu, ndipo amenewo amakhala m'malo omwe aja a 64. Anandikumbutsa kuti kasitomala akabweretsa mamita atatu, diresi silionetsa mamita atatu onse, chifukwa nsalu ina imabisala m'misoko ndi mumpendero. Ikadachotsedwa imeneyo, diresi likadagwa pathupi.

Zaka zonsezi ndakhala ndikukangana ndi makasitomala ondinena kuti ndawabera nsalu, ndipo ndimatembenuza chovala n'kuwaonetsa misoko. Ndimadziwa kuwawa kwake kwa kunamiziridwa.

Amake mapasa anapitiriza. Anandionetsanso nambala ina pa katoni, 4 GB RAM, nati awa ndi malo amene foni imagwiriramo ntchito pa nthawi imene ukuigwiritsa ntchito, osati osungiramo zithunzi. M'foni munalembedwa 3.6. Anati gawo linalo foni imadzisungira kuti iyendetsere sikirini ndi zida zina zam'kati, ndipo ndisadzadzidzimuke nazonso. Anatulutsa foni yawo ndi ya kasitomala wina, zonse zinali chimodzimodzi.

Ndinafunsa ndi mawu ofooka ngati pali njira yodziwira kuti foni ndi ya m'katoni yomweyi. Anati ilipo, ndipo ndi yosavuta. Anandiuza kuti ndiimbe *#06# ngati ndikuimbira munthu. Panatuluka nambala yaitali. Anandilozera nambala ina pa kapepala komata m'mbali mwa katoni, ndipo tinawerenga limodzi, imodziimodzi, manambala khumi ndi asanu. Onse anafanana. Anafanananso ndi amene wa kusitolo analemba pa risiti ija ndinaitcha pepala chabe.

Anandichenjeza kuti zinthu zachinyengo zilipodi pamsika, makamaka mamemore otchipa modabwitsa amene amalonjeza malo ambiri koma n'kumataya zithunzi. Anati ukaona kuti pasowa theka lathunthu, kapena zinthu zikuzimiririka zokha, bwerera kusitolo ndi risiti. Koma zanga zinali zenizeni, ndipo amene anandigulira anasankha bwino.

"Wakugulirani ndi mpongozi wanu uja, eti? Ali kuti kuti ndimuyamikire?"

Ndinasiya katoni, memore ndi chilichonse pa tebulo lawo, ndinatuluka liwiro. Mayi wa msinkhu wanga, tepi m'khosi, masilipasi akuwomba kuphazi, anthu a pometera tsitsi anaimirira kuti aone chimene chikundithamangitsa. Mumtima ndinkangopempha kuti minibasi ikhale isanadzaze.

Ndinaipeza pa siteji, injini ikulira, kondakitala akuitanira munthu mmodzi wotsala. Mpongozi anakhala pawindo, chikwama pamiyendo, maso ali kutsogolo. Ndinagogoda galasi. Anatsegula pang'ono. Ndinamuuza mopuma wefuwefu, motsitsa mawu kuti ena asamve, kuti ndalakwa, kuti foni ndi yomweyo, kuti atsike tikakambirane kunyumba.

Anandiyang'ana. Maso ake anali ofiira.

"Amayi, munanditcha wakuba mokweza, pamaso pa anthu anayi. Pofika madzulo ano kwaya yonse ikhala itamva. Kupepesa kokha ndiko mukunong'ona?"

Chibwerere pakhomo panga, mwana ameneyu anali asanandiyankhepo chotero. Mawuwo anandilasa, chifukwa anali oona. Manyazi anandigwira, koma ndinaona kuti ndikasunga ulemu wanga pamenepo, ndimutaya. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo ndinalankhula mokweza kuti minibasi yonse imve. Ndinati mwana uyu ndi mpongozi wanga, ndamunamizira kuba chifukwa cha umbuli wanga, sanabe kanthu, ndipo ndikumupempha andikhululukire. Ndinalonjeza kuti mawu omwewa ndikawanena pamaso pa anthu amene anamva oyamba aja. Bambo wina wa kumpando wakumbuyo anati, "Tsikani mayi, apongozi opepesa ndi osowa." Anthu anaseka, ine sindinaseke. Kenako mpongozi anapempha kondakitala kuti amutsegulire chitseko.

Tsiku lomwelo masana ndinatuma uthenga kwa amayi anayi aja kuti abwere, ndipo ndinapempha amake mapasa kuti atseke kontena kwa mphindi zochepa. Onse atakhala pa benchi, ndinaimirira pakati pa shopu ndi kubweza mawu anga, limodzi ndi limodzi, mpongozi ali pomwepo. Kenako amake mapasa anauza aliyense kuti atulutse foni yake ndi kutsegula pa malo osungira zinthu. Munali kudabwa m'chipindamo! Wina anapeza kuti pa foni yake pulogalamu yoyendetsa yatenga 11, wina 16. A Kwaya anayang'ana yawo nthawi yaitali, foni imene anagula okha ndi kumatula okha, ndipo anapeza kuti nayonso sinapereke malo onse olembedwa pa katoni. Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Pamapeto pake anatembenukira kwa mpongozi wanga n'kupepesa, ndipo analonjeza kuti kumene anafikitsa kale nkhaniyo akaikonza okha ndi pakamwa pawo.

Mpongozi anabweza chikwama kuchipinda. Mwamuna wake ataimba foni, ndinamuuza ndekha zonse, osabisa mbali yanga. Foni ija ndikugwiritsa ntchito mpaka lero, zithunzi za masitayilo zakwana bwino ndipo malo akadalipo.

Abale anga, imvani kwa ine amene ndinapsa nazo. Foni, kompyuta kapena memore ikaonetsa malo ocheperapo kusiyana ndi olembedwa pa katoni, si ndiye kuti mwaberedwa. Miyeso imasiyana, ndipo mapulogalamu oyendetsa chipangizocho amatenga gawo lawo. Pogula, funsani wogulitsa kuti malo otsalira inuyo ndi angati. Fananizani nambala ya m'foni ndi ya pa katoni, ndipo sungani risiti. Mukakayika, pitani kwa wodziwa musanaloze munthu chala, paja safunsa anadya phula. Ine m'foni mwanga simunasowe kanthu. Amene anatsala pang'ono kusowa pakhomo panga ndi mwana wa eni, amene sanandilakwire chilichonse.