Phokoso M'makina a Achemwali

"Zimitsa foniyo, iwe Chikwama!" anakuwa achemwali ndisanakhale n'komwe pansi.

Ndinazimitsa. Mzere wa pakompyuta sunaleke kunjenjemera.

Ine ntchito yanga ndi mawaya. Tauni iyi lero, ina mawa, n'chifukwa chake dzinalo. Achemwali amafufuza za maginito payunivesite, ndipo anandiitana kuti ndidzaphe phokoso m'makina awo. Phokoso losamveka ndi khutu. Longooneka pamzerewo.

M'kati mwa makinawo, mozizira koopsa, munali kachidutswa ka maginito. Anachita kukasenda ndi selotepi miyezi yambirimbiri, mpaka kanatsala kopyapyala ngati atomu imodzi. Kakangokhudzana ndi mpweya, kafa.

"Apulofesa akuti makina aonongeka," anatero. "Masana ano amisiri abwera kudzamasula. Akatsegula, kanga katha."

"Ndiye mwakumbukira kuti muli ndi mlongo?"

"Gwira ntchito, pakamwa pambuyo."

Ndinayamba ndi fuliji ya m'khonde. Kenako magetsi a kudenga. Ndinasintha mawaya, ndinakwawa pansi pa tebulo, ndinakapempha ngakhale a chipinda choyandikana kuti azimitse pampu yawo. Anandiyang'ana ngati ndapempha mkazi wawo. Mzere uli gwedegwede.

"Achemwali, kumbali yanga kulibe vuto."

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Basi. Ndikatulutse ndekha, asakaphe anthu ena."

Anapotokola kabatani kowonjezera kutentha, n'kutembenukira kuzenera. Ine maso anali pakompyuta. Mzere unalumpha, unalumphanso, kenako unagona. Zii.

"Mwagwira chiyani?"

"Ndangotenthetsa pang'ono. Bwanji?"

Anacheuka. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anabweza kabatani kaja. Phokoso linadzuka. Anatsitsanso kwambiri. Bata.

"Mayo ine," ananong'ona. "Chikwama, si makina. Ndi kamwanaka, kachidutswaka."

"Kakulira?"

"M'kati mwake muli timaginito tambirimbiri. Kukazizira, tonse timaloza kumodzi. Kukatentha, kalikonse kwake. Koma apa pakatipa timakangana, magulumagulu, uku titembenuke, uku tibwerere. Ine ndimayeza pomwepa kuyambira kalekale, n'kumatukwana mawaya!"

"Ndiye ndakwawira chabe?"

"Ukanapanda kuzimitsa zonsezo, ndani akanandikhulupirira?"

Chitseko chinatseguka. Apulofesa, ndi amisiri awiri pambuyo, bokosi la masipanala lili m'manja.

"Mwana wanga, tapatuka, anthuwa ali ndi ntchito zina," apulofesa anauza achemwali.

"Bambo, potokolani apa kaye. Pang'onopang'ono."

Anausa moyo, koma anapotokola. Bata, phokoso, bata. Anabweza. Bata, phokoso, bata. Anakoka mpando wa achemwali osapempha n'kukhalapo.

Mmisiri wamkulu anakhosomola. "Bwana, timasule?"

Anayang'ana mnzake, anaika bokosi pansi, onse awiri n'kukhalira pomwepo. Apulofesa anali atawerama, mphuno pafupi ndi galasi la kompyuta, akupotokola uku ndi uku ngati mwana wosaka nyimbo pawailesi.