Mlandu wa Aubrey

Esau anali atatulutsa kale njinga pamene mchemwali wake, Dorothy, anaima pakhomo la mpanda.

"Ukupita kuti, maliro tangoika dzana?"

"Kwa a Pitala. Akandiuze chimene anaona ndi maso awo."

"Bweza njingayo."

Nkhaniyi inayamba mu Meyi, tsiku limene anthu anaswa masitolo ku Lilongwe. Bambo awo, a Efulemu, telala wa pa Mitundu, anali atatuma mwana wawo wachisamba, Aubrey, kukagula ulusi ndi mabatani. Pobwerera apolisi anamutsitsa m'basi, a Pitala oyandikana nawo nyumba atanena kuti phukusi lake linali la m'sitolo yoswedwa. Tsopano mvula yoyamba inali itagwa, Aubrey akadali m'ndende, mlandu wosayamba. A Efulemu anamwalira akudikira.

"Kasanu konse abambo anapita kukhoti," anatero Esau, manja ali gwa pa njinga. "Kasanu akuti mubwerenso. Mboni sinafike, mapepala ali kupolisi, woweruza ali ndi milandu ina. Mtima wawo unathera pabenchi paja."

Dorothy, amene anali namwino pa Nathenje, anawaperekezako kawiri. Ankakumbukira mzere wa anthu omangidwa, wosatha, ndi kalaliki mmodzi akulemba mayina ndi dzanja.

"Ogwidwa tsiku lija ndi ambiri, Esau, ndipo aliyense ayenera kumvedwa payekha. Ukawakhudza a Pitala lero, mawa adzati banja lathu likuopseza mboni. Udzamuwonjezera chaka china."

"Ndiye tizingoti mlandu suwola? Munthu amawola, achemwali."



Mayi awo, a Zipora, anatuluka m'nyumba, mpango wakuda utatsikira pamphumi. Anakhala pakhonde mwapang'onopang'ono.

"Ofulumira tinawaona kale, mwana wanga. Ndi aja anamutsitsa Aubrey m'basi osamufunsa. Bambo ako ankati iwo akufuna woweruza woti achedwe, bola aitane mwini sitolo amene anamugulitsa ulusi uja, amumve." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Khoti likhalanso Lachiwiri. Aubrey akamalowa amayamba wayang'ana kumanzere, pafupi ndi zenera. Pamenepo ndi pamene ankakhala bambo ake."

"Sanamve za maliro?" anafunsa Esau chapansipansi.

"Angamve kwa yani?"

"Ndiye ndikamuuze ine?"

"Iwe ukangokhala pamenepo. Adzadziwa yekha."

Esau anaima kanthawi akuyang'ana kumsewu. Kenako anatsamiritsa njinga kukhoma, nakhala pansi pafupi ndi mapazi a mayi ake.

Dzuwa litapendeka anayamba kulongosola katundu wa malemu. Pansi pa makina osokera a Zipora anatulutsa thalauza lakuda, losita bwino.

"Ili ndi la Aubrey, loti adzavale tsiku lachigamulo. Esau, ukamupatse."

Dorothy analitembenuza kuti aone ngati linatha kusokedwa. M'chiuno munali mizere ya ulusi inayi, umodzi kutsogolo kwa unzake, nsalu itaunjikana mkati ngati khwinya lalikulu.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Bambo ako akabwera kokamuona ankalichepetsa. Ankati mwana watsikanso thupi, lisakamugwe pamaso pa woweruza."

Dorothy anawerenga mizereyo ndi chala. Mzere womaliza unali wokhotakhota, wa dzanja lonjenjemera. Anatenga sizasi.

"Nsalu yonseyi idzamukwecha. Ndiidule."

A Zipora anamugwira dzanja.

"Usadule. Anaisiya dala. Ankati akadzatuluka adzanenepa, tidzangomasula."

Analanda thalauzalo, nalitembenuzanso kuti misoko ibwerere mkati. Analiyala pamiyendo, nalipinda motsatira mzere wa simbi umene amuna awo anasiya.